Nsapato za Duván

Sabata yachinayi ku Bucaramanga.
Chipinda nambala seveni, pamwamba pa sitolo yokonza mafoni:
mabedi awiri, fani yolira ngati ili ndi dandaulo,
ndi ife anayi
amene pepala silinatitchulebe kuti banja.

Duván amagona atavala nsapato.
Usiku woyamba ndinagwira chingwe kuti ndimasule,
iye anapinda miyendo msangamsanga,
nandiyang'ana ndi diso la mwana wosamutsidwa kasanu,
wodziwa kuti galimoto imabwera mbandakucha
ndipo siyembekeza wofunafuna nsapato.
Ndinazisiya.
Matope a kupaki ali mbwee pa nsalu zoyera za eni nyumba.
Ndinalira mvula zaka zisanu ndi zinayi,
matopewa ndi anga.

Mlongo wake Yuliana, wa zaka zitatu,
sanalire tsiku lomwe tinawalandira ku ofesi ya boma.
Anangogwira chibaluni, duu.
Analira patatha masiku khumi,
kuyambira masana mpaka magetsi a mumsewu atayaka,
ndipo mayi wotilangiza anati pa foni,
msiyeni, mwana salira pomwe palibe womumva.
Mano ake anandisiyira timabowo tinayi pamkono.
Ndimatiyang'ana posamba. Sindikufuna tipole msanga.

Mwamuna wanga Eero,
amene kwathu ku Oulu amatha tsiku ndi mawu khumi okha,
kuno wasanduka wolongolola m'Chisipanishi chothyokathyoka.
Tsiku lina anaitanitsa buledi wa sopo m'malo mwa wa nyama,
poti mawu awiriwo amasiyana chilembo chimodzi.
Duván anaseka mpaka madzi a zipatso kutulukira m'mphuno.
Kuyambira pamenepo Eero amalakwitsa dala,
ndipo mnyamatayo amamukonza mwaukali, chala m'mwamba,
ngati mphunzitsi wotopa ndi mbuli.

Tinabwera ndi buku la zithunzi.
Nayi nyumba, chipale chofewa chafika pawindo.
Nali bedi losanja lomwe Eero anakhoma
tisanadziwe dzina la aliyense wodzagonapo.
Duván aloza choyeracho: ndi mchere?
Aloza chitseko cha chipinda chake:
chimakhomedwa ndi wa kunja kapena wa m'kati?
Yankho ndinali nalo,
koma linayamba lakakamira pakhosi.

Loya amaimba Lachiwiri lililonse.
Woweruza ali patchuthi.
Woweruza wabwera, koma fayilo yathu ili pansi pa mafayilo ena.
Fayilo yapezeka, koma dzina langa, Tuulikki,
alilemba ndi k mmodzi, ayambirenso.
Ndalama zikusungunuka.
Abwana anga akutumiza makalata aulemu wozizira.
Ine ndaphunzira mtengo wa mapapaya,
dzina la galu wa mlonda,
ndi kuti Yuliana sadya dzira ngati lakhudzana ndi mpunga.

Duván amanditchula señora.
Sindimukonza.
Kwinakwake m'mapiri ozungulira mzindawu
kuli mayi amene anamuphunzitsa kumanga chingwe mfundo ziwiri.
Nkhope yake sindiidziwa,
koma zala zake ndimaziona m'mawa uliwonse
mwanayo akawerama kukhwimitsa mfundozo.
Tikadzakwera ndege, iyenso adzakwera nafe,
wopanda tikiti, wopanda chidindo,
ndipo ndiyenera kumusungira mpando.

Usiku wathawu kunatentha.
Mvula inagunda kutali koma sinafike.
Ndinadzidzimuka cha m'ma fili koloko,
phazi la Yuliana lili pakhosi panga,
ndipo pansi, pafupi ndi masilipasi anga,
panali nsapato.

Imodzi yokha.
Yakumanzere, chingwe chomasulidwa bwinobwino,
osati yovuka m'tulo.
Inzake inali kuphazi, mfundo ziwiri, gwa.

Eero sindinamudzutse.
Sindinatole foni kuti ndijambule.
Kukhoti pepala likadali lopanda siginecha,
mwina Lachiwiri, mwina Lachiwiri linalo.
Ndinangogona chagada, fani ikudandaula,
ndikuyang'ana kaphazi kamodzi ka sokosi yobooka
katatulukira kunja kwa nsalu,
kakupuma mphepo.